Lumo ndi Manja a Oimba Ulimba

Pa filimu timakonda kutama wogwira kamera, nkuiwala munthu wa lumo amene amadula ndi kulumikiza zithunzi. Peter Zinner, wobadwira ku Vienna mu 1919, analandira mphotho ya Oscar mu 1979 chifukwa cha kadulidwe kake ka The Deer Hunter. Luso lakelo sitikana. Koma ine wa kuchigwa mtima uli pa mbadwa ina ya ku Vienna komweko, Gerhard Kubik, yemwe mu 1967 anajambula gulu la Daniel ndi Donald Kachamba ku Chileka.

Mu 1962 Kubik anajambula oimba mangwilo kumpoto kwa Mozambique, nkumaunika filimuyo chithunzi chimodzichimodzi kuti aone dzanja liti lamenya kathabwa kati. Pamenepa lumo likanaononga zonse.

Tsono taonani makanema a ulimba amene anyamata athu amajambula ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Nyimbo ikangofika pokoma, manja a oimba ali kulowana, wodula amathawira kwa mtsikana wovina, kenaka ku mtsinje wa Shire, kenaka ku galimoto ya eni ake! Khutu limamva, inde. Nanga mwana wofuna kuphunzira ulimba aonera pati?