Mphepo ikuombabe ku Mocha

Akatswiri ena a zamagetsi amati mphamvu ya mphepo siopa nkhondo, poti palibe wolamulira angatseke mphepo monga atsekera paipi ya mafuta. Mawuwa ndi okoma m'khutu, koma akuiwala kuti nsanja, mapiko, nthambo ndi amisiri zonse zimadalira mtendere ndi ndalama.

Umboni wawo amautenga ku Ukraine. Asilikali a Russia atalowa m'dzikolo pa 24 February 2022, makina ambiri opanga magetsi ndi mphepo, omwe ali kumwera m'zigawo za Zaporizhzhia ndi Kherson, anagwa m'manja mwa adani kapena anaima. Komabe kampani ya DTEK inamaliza kuimika makina 19 a Vestas pamalo a Tyligulska m'chigawo cha Mykolaiv, opereka mamegawati 114, ndipo anawatsegulira mu May 2023. Nzoona kuti nsanja zomwazikana nzovuta kuziphwasula ndi mzinga umodzi. Amisiriwo ngoyenera kutamandidwa.

Nanga bwanji otamandawa satchula Yemen? Mu 2014 World Bank inavomereza thandizo lomangira makina a mphepo a mamegawati 60 ku Mocha, doko lakale la khofi la m'mbali mwa Nyanja Yofiira. Nkhondo itakula mu 2015, bankiyo inaimitsa ntchito zake m'dzikomo ndipo makinawo sanamangidwe. Pa 24 July chaka chomwecho, ndege za mgwirizano wotsogozedwa ndi Saudi Arabia zinaphulitsa nyumba za ogwira ntchito pamalo opangira magetsi ku Mocha komweko. Bungwe la Human Rights Watch linawerenga anthu wamba osachepera 65 amene anaphedwa.

Apa pakuoneka kuti chimene chinapulumutsa Tyligulska ndi boma lomwe linali chilili, eni chuma olimba mtima ndi abwenzi akunja. Yemen analibe zonsezi. Nsanja yogwetsedwa imajambulidwa nkulira nayo dziko lonse; nsanja imene sinamangidwe palibe amailemba m'kaundula wa zotayika, ngakhale chipatala chikhale mumdima chifukwa cha iyo.

Ife Asilamu tisathamangire kuloza chala azungu okha. Ku Yemen oponya ndi oponyedwa onse amaswali moyang'ana Qibla imodzi. Khalifa Abu Bakr (RA) analetsa ankhondo ake kudula mitengo yobala zipatso ndi kugumula malo okhala anthu. Malo opangira magetsi ndi mtengo wobala wa masiku ano, ndipo wouwononga adzafunsidwa pamaso pa Allah za mwana wobadwira mumdima ku Mocha.