Wofufuza Wonyogodola: Luso la Martha Wells mu Fugitive Telemetry

Nkhani yofufuza amene wapha munthu imayenda ndi pangano limodzi: wowerenga aone umboni umene wofufuza akuona, ndipo wofufuzayo apambane ndi nzeru basi. Mkonzi John W. Campbell ankati panganoli silingasungidwe m'nkhani zopeka za sayansi, poti wolemba angathe kungotulutsa makina atsopano patsamba lomaliza, mlandu n'kutha. Isaac Asimov anamutsutsa ndi buku la The Caves of Steel la mu 1954, momwe wapolisi Elijah Baley amagwira ntchito ndi loboti R. Daneel Olivaw, koma nkhaniyo timaionera m'maso mwa munthu, loboti n'kukhala wothandiza wofatsa. Martha Wells anadzipatsa ntchito yovuta kuposa imeneyi. Mu Fugitive Telemetry, buku la mu 2021, wofufuza ndi Murderbot, yemwenso ndiye akusimba nkhani, ndipo ndikuona kuti chimene chasenza bukuli ndi kunyogodola kwake, kumene ambiri amangokutenga ngati nthabwala.

Murderbot, yemwe tinayamba kumudziwa mu All Systems Red mu 2017, ndi mlonda wopangidwa ndi kampani, mbali ina chitsulo mbali ina mnofu. Anathyola kachipangizo kamene kankamulanga akakana kumvera, koma sanathawe. Anapitiriza ntchito akunamizira kugonja, kwinaku akuonera mafilimu a Sanctuary Moon mobisa. Kayankhulidwe kake kanabadwira pamenepo: pakamwa inde bwana, mumtima mnyozo. Tsono mtembo utapezeka pa Preservation Station, kumene Murderbot tsopano akukhala osabisanso chimene ali, mkulu wa chitetezo, Indah, samukhulupirira, ndipo Murderbot akuvomera kusalowa m'makompyuta a pamalopo. Apa Wells wamulanda mphamvu imene Campbell ankaiopa. Watsala ndi kuyenda, kufunsa, ndi kuyang'anitsitsa, ndipo kuyang'anitsitsako kumatifika kudzera m'madandaulo. Akamanyoza anthu a ku Preservation kuti ali ndi makamera ochepa chifukwa chokonda ufulu wawo, ife timaseka, koma tapatsidwa kale chifukwa chimene wakuphayo sanaonekere. Umboni uli poyera monga pangano lifunira, kungoti wavala chovala cha mnyozo, ndipo wowerenga amaudutsa osaulemekeza. Raymond Chandler anampatsa Philip Marlowe lilime lakuthwa kuti adzitchinjirize ku mzinda wovunda. Wells waonjezerapo ntchito yobisa ndi kupereka zizindikiro nthawi imodzi.

Ena amati mlanduwo ndi wopepuka, okayikiridwa ndi ochepa, ndipo wozolowera mabuku a Agatha Christie sangatuluke nawo thukuta. Pamenepo pali choonadi, pakuti bukuli ndi lalifupi ndipo silitaya nthawi kutisocheretsa. Chidandaulo cholemera ndi china: kodi nthabwala zosatha sizipeputsa ukapolo umene uli pansi pa nkhani yonseyi? Yankho lili m'mene mlandu wathera. Wophedwayo, Lutran, ankathandiza anthu kuthawa makampani amene amawamanga ndi makontirakiti a ntchito osatha, ndipo wakupha ndi Balin, loboti yankhondo imene inabisala kwa nthawi yaitali ngati wantchito wamba wa padoko, anthu n'kumaikhulupirira. Indah ankaopa makina oopsa obisala pakati pa anthu, ndipo makinawo analipodi, kungoti iye ankayang'ana amene ananena poyera chimene ali. Kubisala kotere Murderbot akukudziwa kuchokera m'kati, poti nayenso anapulumukira momwemo. Choncho kayankhulidwe ka wosimba ndi chinsinsi cha mlandu n'zopangidwa ndi dothi limodzi. Mnyozowo susekerera ukapolo. Umaonetsa chimene ukapolo unachita kwa iye, ndipo umaonekera kwambiri pamene akulephera kunena mwachindunji kuti amasamala za mnzake Dr. Mensah, kapena pamene othawa amene wawapulumutsa akumuopabe chifukwa alonda onga iye ndiwo ankawayang'anira kumene achokera.

Luso limeneli limadalira kuti tikhale m'mutu mwa wosimba. N'chifukwa chake sewero la Murderbot litafika pa Apple TV+ mu 2025, Alexander Skarsgård akusewera Murderbot, opanga anasunga mawu a mumtimawo kuti azimveka pamwamba pa zithunzi, popeza popanda iwo tikanangoona mlonda wa nkhope yowuma akumvera malamulo.