"Ndine" wa Henley

Ndakhala ndikuyesa kumasulira Invictus, ndakatulo ya William Ernest Henley yomwe idasindikizidwa mu 1888. M'Chingerezi mizere yake ili ndi maphatikizo asanu ndi atatu, ndipo mathero ake amamveka mofanana modumphitsa mzere umodzi. M'Chichewa zimenezi zimazilala. Aneni athu ambiri amathera pa -a, ndiye kufananitsa mathero si luso ayi, n'zongotola.

Chimene chimapulumuka ndi kubwereza. Mizere iwiri yomaliza imayamba mofanana, mlakatuli akudziloza yekha, ndipo ife mawu ake tili nawo kale: "ndine". Koma tamverani. Pabwalo la mfumu, wonena "ndine" amakhala akuvomera mlandu, pomwe Henley akudziguguda pachifuwa. Udindo wa m'ndakatuloyi ulibe kupepesa, ndipo ndidazindikira zimenezi nditaiika m'Chichewa.