Chilema chimene chinapatsa gitala mawu

Pakati pa 1958 ndi 1960, kampani ya Gibson ya ku Kalamazoo ku America inkapanga gitala yamagetsi yotchedwa Les Paul Standard. Malonda ake sanayende, choncho anasiya kuipanga. Lero imodzi yokha imagulidwa pa mtengo woposa wa nyumba yabwino. Anthu osonkhanitsa magitala akale amaisaka paliponse, ndipo akaipeza yothyoka kapena yosuluka amathamangira nayo kwa mmisiri. Apa m'pamene pamabuka funso: kodi mmisiriyo akonze chiyani, asiye chiyani?

Imodzi mwa magitala amenewa, ya 1959, imadziwika ndi dzina lakuti Greeny chifukwa inali ya Peter Green wa gulu la Fleetwood Mac. Gitala yotere ili ndi tizipangizo tiwiri totola kunjenjemera kwa nsambo, totchedwa pickup, ndipo kalikonse kali ndi maginito m'kati. Mu Greeny, maginito a kachipangizo ka pafupi ndi khosi anaikidwa chotembenuza. Tiwiri tonse tikamagwira ntchito limodzi timatsutsana, mawu ena n'kufafanizika, ndipo otsalawo amatuluka opyapyala ngati a munthu wodandaulira m'mphuno. Kwa mmisiri wongotsata buku la kufakitale, ichi ndi chilema choti achotse tsiku lomwelo. Komatu n'chomwecho chimene anthu amazindikirira kulira kwa Green. Akanachikonza, bwenzi itangokhala Les Paul ngati zinzake.

Chimodzimodzinso Fender Stratocaster ya 1961 ya Rory Gallagher wa ku Ireland. Anaigula yogwiritsidwa kale ntchito mumzinda wa Cork mu 1963 pa mapaundi 100. Thukuta la zaka zoposa 30 linadya penti mpaka thabwa kuonekera. Mu 2024 inagulitsidwa ku London pa mapaundi oposa 800,000. Ng'oma yolira sichedwa kung'ambika, ndipo ogulawo ankalipira kung'ambikako. Wina akanaipaka penti yatsopano akanafufuta umboni wakuti inagwirapo ntchito.

Mpaka apa ndikugwirizana ndi osonkhanitsa amene amati chakale chisakhudzidwe. Ndimasiyana nawo pa zinthu ziwiri.

Choyamba, kukonda zipsera kwasanduka malonda. Kuyambira 1995 kampani ya Fender yakhala ikugulitsa magitala atsopano otchedwa Relic, okandidwa dala ndi kusulutsidwa kuti aoneke ngati anayenda m'mabala zaka zambiri. Nayonso Gibson imagulitsa magitala ofanizira Greeny, maginito otembenuza omwe. Ntchito yake ndi yaluso, sindikukana. Koma chipsera cha Gallagher chimaloza pamene mkono wake unkakhuza usiku ndi usiku. Cha kufakitale chimangoloza pamene wantchito anadutsitsa sandipepala.

Chachiwiri n'chachikulu. Pali osonkhanitsa amene salola kuti ngakhale waya mmodzi wa m'kati asinthidwe, poopa kuti mtengo utsika. Tizitsulo ta pakhosi, tomwe nsambo zimagunda woyimba akadina, timatha ngati mmene chidendene cha nsapato chimathera. Tikatha, nsambo zimanzerezera ndipo gitala siyimbika. Mwini wake amasankha kuitsekera m'kabati yagalasi ili yosalira, kusiyana n'kuti mmisiri aikemo tatsopano. Akatero wasunga ndalama zake, gitala ayi.

Mbiri ya Greeny ikutsutsa maganizo amenewa. Green anaigulitsa kwa Gary Moore, amene anaiyimba zaka zoposa 30 ndipo mu 1995 anajambula nayo chimbale cha Blues for Greeny. Ili m'manja mwake, khosi lake linathyoka pa ngozi ya galimoto, mmisiri n'kulilumikiza. Kuyambira 2014 ili ndi Kirk Hammett wa gulu la Metallica, yemwe amakwera nayo pa nsanja pamaso pa anthu zikwizikwi. Ndi yolumikiza, yosuluka, ndipo ikulirabe.

Muyeso wa mmisiri wabwino ndi umenewu. Chimene chikuletsa gitala kulira achikonze mosanyinyirika, asunge chitsulo chakale chimene wachotsa, alembenso zomwe wachita kuti wogula wamawa asanamizidwe. Chimene gitala yatola m'manja mwa oyimba achisiye. Kuti asiyanitse ziwirizi, asanagwire chida chilichonse ayambe waiyimba n'kumvetsera.