Za Mau a Cingerezi Amene Tiwamasulira "Kusintha"

Pali cizolowezi cina m'masukulu cimene tifuna kucidzudzula pano. Mphunzitsi alemba pa bolodi mau a Cingerezi mbali iyi, ndi a Cinyanja mbali iyo, ndipo pofika pa *change*, *exchange*, *replace* ndi *substitute*, onse anaiwo awapatsa liu limodzi, ndilo "kusintha." Ana aloweza, nakhoza mayeso, koma tsiku lakumasulira kalata kapena ulaliki wa mlendo, anena zosiyana ndi zimene ananena mwini wace. Colakwaci sicili pa ana ai. Cinenero cathu cisiyanitsa bwino kusintha, kusinthana, kubweza ndi kulowa m'malo. Ndife aphunzitsi amene tiunjika zonsezi m'dengu limodzi.

Mau awiri oyambawo sabvuta kwambiri. *Change* ndiko kusintha kwenikweni: cinthu cikhala mwina, monga mtima wa munthu kapena nyengo, ndiponso munthu akabvula maraya ena nabvala ena, liu lace ndi lomweli. *Exchange* ndiko kusinthana, kumene kufuna anthu awiri, wopereka ndi wolandira. Mukamva kuti *She exchanged maize for salt*, dziwani kuti maiyo anapereka cimanga nalandira mcere. Cimene cichulidwa poyamba ndico cocoka m'manja mwace.

*Replace* ali ndi matanthauzo awiri. Loyamba ndilo kubweza cinthu pamalo pace: *Replace the book on the shelf* ndiko kunena kuti bwezera buku pamene unalitenga. Mwana wophunzira "kusintha" yekha adzacotsa bukulo nabwera ndi lina. Laciwiri ndilo kulowa m'malo mwa cina, kapena kuika catsopano pamene panali cakale. *The kwacha replaced the pound in 1971*: ndalama ya kwacha inalowa m'malo mwa paundi m'Malawi caka cimeneco. Munthu akakhala wocita nchitoyo, ayamba kuchula cakale, catsopano nicitsata pambuyo pa *with*: *He replaced the grass with iron sheets*, anacotsa udzu nafolera malata.

Tsono msampha uli pa *substitute*. Liuli licokera ku Cilatini, kumene litanthauza kuimika cinthu pamalo pa cinzace. Cifukwa cace liyamba kuchula colowaco, ndipo cocokaco cidza pambuyo pa *for*. Inu alaliki, taganizani za nkhani ya pa Genesis 22. Tikainena m'mau athuathu titi, *Abraham substituted a ram for Isaac*: nkhosa inaphedwa, mwana napulumuka. Koma womasulira amene ayesa kuti *substitute* ayenda monga *replace* adzauza mpingo kuti Abrahamu anacotsa nkhosa naika Isake. Mau onse awadziwa, koma nkhani yatembenuzika, ndipo ciphunzitso conse ca kuima m'malo mwa wina catayika pa kaliu kamodzi.

Eni ace a Cingerezi nawonso apunthwa pomwepa. H. W. Fowler, m'buku lace la *A Dictionary of Modern English Usage* la caka ca 1926, anadzudzula kolimba olemba amene agwiritsa *substitute* pofuna kunena *replace*. Anaona bwino bvutolo, pakuti liu limodzi likaloza kuno ndi uko, womva sadziwa cacoka nciti. Komatu cidzudzulo cace sicinathetse cizoloweziconso. Ku England anayamba kulola olowa m'malo pa mpira wa ligi m'caka ca 1965. Ndipo lero owulutsa mpira akati *He was substituted*, anena za iye woturuka m'bwalo, si wolowayo ai. M'mabuku a zophikaphika mupezanso *substitute butter with oil*, ndiko kuti leka batala, thira mafuta.

Nanga tiweruze bwanji? Ife titi Fowler anakhoza pa za kulemba, koma lamulo lace lokha silikwanira pa za kuwerenga. Mwana polemba atsate njira yakaleyo, pakuti palibe amene adzamtsutsa nayo. Koma powerenga za ena ayang'anitse kaliu kotsatako. Akaona *for*, coyambaco ndico calowa. Akaona *with* kapena *by*, coyambaco ndico cacoka.

Pali liu lina limene mwambo wathu utithandiza kulimvetsa. Mfumu ikapita ulendo, isiya nduna yoweruza milandu kufikira itabwera. Ameneyo ndiye *substitute*, wogwirizira cabe. Koma mfumu ikamwalira, ndipo mbumba ikasankha mwana wa mlongo wace kuti alowe dzina, Angerezi ati *He succeeded his uncle*. Mukamucha mfumu yatsopanoyo *substitute* mwaicepsa pamaso pa anthu ace. Mukati *They replaced the chief*, ambiri adzamva kuti mfumu yakale inacotsedwa ili moyo. Mwana wa kumudzi adziwa kale kusiyana kwa wogwirizira ndi wolowa ufumu. Cimene asowa ndico mphunzitsi womuonetsa kuti Cingerezi naco cisiyanitsa momwemo.

Cifukwa cace tipempha kuti mau awa asalembedwenso pa bolodi okhaokha. Liu liri lonse lilembedwe m'ciganizo cathunthu, pamodzi ndi *for* kapena *with* wace, ndipo ana afunsidwe mafunso awiri: cacoka nciti, calowa nciti? Akayankha bwino m'Cinyanja, pamenepo Cingerezico acimva. Ndipo inu omasulira, mlendo akanena *substitute* mosamveka, musacite manyazi kumfunsa musanatsegule pakamwa pa mpingo. Akulu anati, safunsa anadya phula.