Alangizi a Pamphasa ku Chitawira

Kulangiza munthu wosweka mtima ndi luso limene amayi a mvano, ankhoswe ndi akuluakulu a mipingo ku Chitawira analisunga bwino. Mlangizi safulumira kufunsa. Amayamba wakhala pamphasa, kupereka moni, n'kumvetsera mpaka wovutikayo atatchula yekha chimene chikumudya, kaya ndi maliro, kachasu kapena chamba. Ambiri amangodandaula kuti akuganiza kwambiri, ndipo mlangizi waluso amayambira pomwepo osamutcha munthuyo wamisala. Kudekha kumeneku n'kosowa, ndipo kunathandiza kwambiri mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe ndi ku Soche. Amene wasiyiratu kudya ndi kugona, kapena akulankhula zodzipha, mlangizi amamuperekeza kuchipatala cha Queen Elizabeth.