Mwana wa mnzako ngwako yemwe? Kuunika sewero la Go Ahead

Mu 2018 Pulezidenti Edgar Lungu anapita ku Vubwi kukatsegulira ntchito yofikitsa TV ya setilaiti m'midzi 500 ya m'Zambia. Ntchitoyi inachokera pa lonjezo lomwe Xi Jinping anapereka ku Johannesburg mu 2015 lofikira midzi 10,000 ya mu Africa, ndipo anaigwira ndi a StarTimes, omwe ali limodzi ndi ZNBC mu TopStar. Lero masewero a ku China si alendonso ku Vubwi, ku Sinda kapena kuno ku Katete, ndipo amene alibe dikoda amawasaka pa YouTube bandulo ikalola. Mwa masewero amenewa, lomwe ndikufuna tikambirane ndi Go Ahead, la zigawo 40, lomwe linaonetsedwa koyamba pa Hunan TV mu 2020. Amene simunalimalize mundikhululukire, nditchula mathero ake.

Nkhani yake ndi ya ana atatu a mimba zosiyana. Li Jianjian mayi ake anamwalira, ndipo akuleredwa ndi bambo ake, Li Haichao, wogulitsa ma noodles. Ling Xiao amakhala m'nyumba yapamwamba ndi bambo ake wapolisi, Ling Heping, mayi ake atachoka mlongo wake wamng'ono atamwalira. He Ziqiu mayi ake anabwereka ndalama kwa Li Haichao n'kuzimiririka, koma bamboyo anakatenga mwanayo n'kumulera. Abambo awiri ndi ana atatu amadya patebulo limodzi, basi banja lakwana.

Kwa ife Achewa zimenezi si zachilendo. Mwana wa mayi aang'ono ndi m'bale wako, ndipo malume kulera ana a mlongo wawo ndi udindo. Edzi itatenga makolo ambiri m'ma 1990, agogo ndi azakhali ndiwo anatola ana. Pa ntchito yanga yauphunzitsi, tsiku lotenga malipoti ndimalandira agogo, azilamu ndi achemwali ochuluka ndithu. Choncho funso langa silinali loti banja lotere lingatheke kapena ayi. Ndinkafuna kuona ngati seweroli likudziwa zimene mwana woleredwa amasenza mumtima.

Pamenepa seweroli lachita bwino kwambiri, ndipo mtima wake ndi He Ziqiu. Achibale ndi anthu oyandikana nawo nyumba amamukumbutsa kawirikawiri kuti akhale womvera, agwire ntchito, ndipo akadzakula adzabweze. Mwana wamng'ono akuchapa zovala usiku popanda womutuma, chifukwa akuopa kubwezedwa kumene anachoka. Ambiri mwa inu mukumudziwa mwana ameneyu: ndi uja woyamba kudzuka kukatunga madzi pamjigo, womaliza kutapa ndiwo, wosayerekeza kunena kuti nsapato zathina. Mwambi wathu umati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma umapitiriza kuti ukachenjera manja udya naye. Mbali yachiwiriyo ili ndi kachiwerengero ka phindu mkati mwake, ndipo mwana amakamva.

Li Haichao amakana chiwerengero chimenecho. Tu Songyan, yemwe akusewera bamboyu, sachita phokoso. Chikondi chake chili m'kuphika ndi kuwonjezera chakudya m'mbale ya mwana. Pamene waledzera n'kulira chifukwa choti anthu sasiya kuuza Ziqiu za ngongole, ndiye pachimake pa sewero lonse. Achinyamata a m'makomboni mwathu saona kawirikawiri pa TV bambo wovala epuloni amene ulemu wake suchepa nazo, ndipo kuona zimenezi n'kopindulitsa.

Vuto likuyamba anyamata atachoka. Ling Xiao apita ku Singapore kukadwazika mayi ake, Ziqiu atengedwa ndi bambo womubala kupita ku Britain, ndipo papita zaka 9. Pobwera, wina ali dokotala wa mano, wina katswiri wophika makeke, ndipo onse awiri akufunsira Jianjian, mtsikana amene ankamutchula kuti mlongo. Ena amati palibe cholakwa poti magazi ndi osiyana. Koma sewero lomweli latha zigawo zambiri likutiphunzitsa kuti chibale si magazi. Lingatembenuke bwanji n'kudalira magazi omwewo kuti chibwenzi chiloledwe? Makolo athu ankalola ukwati wa pachisuweni, koma msuweni ankadziwika kuyambira ubwana kuti ndi msuweni, mawu ake ndi nthabwala zake zinali zina. Munthu amene wakula umutchula mlongo sasanduka bwenzi chifukwa choti wakongola.

Mathero ake akuonetsa mantha a olemba. Jianjian asankha Ling Xiao, pomwe Li Haichao akwatira He Mei, mayi ake a Ziqiu, amene wabwerera. Motero mnyamata wina asanduka mkamwini, wina mwana wopeza. Banja lomwe linaima zaka zonsezo ndi mphika wokha likumangidwanso ndi maukwati, ngati kuti popanda chikalata silinali lenileni. Ku China buku la kalembera wa banja, lotchedwa hukou, lili ndi mphamvu pa sukulu ndi chithandizo cha boma, choncho njala ya chikalata ndi yomveka. Komabe kwa woonera wa ku Sinda amene akukhala kwa azakhali, phunziro lake ndi lowawa: ukhala mlendo mpaka wina akwatire.

Kodi muonere? Ee, oonerani. Zigawo zoyambirira, mpaka pomwe anyamata akuchoka, ndi zina mwa zabwino zomwe ndaonapo pa nkhani ya kulera ana. Zotsalazo muonere ndi diso lofunsa. Anthu a ku South Korea analipanganso mu 2024 pa dzina loti Family by Choice, umboni woti nkhaniyi imayenda. Ife tili nayo kale pakhomo, m'nyumba za malata za pa boma la Katete ndi m'midzi ya kumalire ku Vubwi. Wolemba wachinyamata amene adzailembe m'Chinyanja adzamusiye mlongo akhale mlongo, ndipo adzatiuze tsiku lomwe mwana woleredwa anapempha nsima yowonjezera osachita mantha.